Kuchova njinga kuchoka mu Lusaka kupita ku Kafue, njira yabwino ndi iti?

Mwana wa ku Katete:

Muli bwanji nonse. Ndili ndi funso koma musandiseke. Miyezi iwiri yapitayo ndinagula njinga ya salaula, yogwiritsidwa kale ntchito, ya magiya 21, matayala onenepa aja a m'fumbi, ndipo kuyambira pamenepo ndimachova kupita ku ntchito kuchoka ku Chilenje mpaka mu tauni, kubwerera chimodzimodzi, mwendo wayamba kuzolowera. Manje holide ya Heroes ndi Unity ya kumayambiriro kwa July yayandikira, Lolemba ndi Lachiwiri kuphatikiza wikendi ndi masiku 4 athunthu, ndipo ine mtima wanga ukufuna madzi. Zaka 6 ndili mu Lusaka muno mtsinje weniweni sindinaukhudzepo, omwe ndimadziwa ndi madzi a m'ngalande nthawi ya mvula basi. Timamwa madzi a Kafue pa mpope tsiku ndi tsiku koma Kafue mwiniwakeyo ndimangomuonera pa windo la basi ndikamapita kwa alamu ku Mazabuka, ndipo basi ikafika pa buliji sichedwa, ukati utulutse foni wadutsa kale.

Nde ndikufuna ndipiteko pa njinga. Kodi zingatheke kupita ndi kubwera tsiku lomwelo kwa munthu amene sanachovepo makilomita opitirira 20 pa ulendo umodzi? Chimene chikundiopsa kwambiri ndi mathiraki a mu Kafue Road, kaya pali njira ina ya kuseri yodutsa m'mafamu. Komanso ndikafika kumeneko madziwo ndiwafikira potani, pali malo oti munthu nkutsamiritsa njinga nkukhala pansi kudya nsomba akuona mtsinje? Akazi anga akuti ndapenga, ati anthu amagula galimoto kuti asiye njinga iwe ukugula njinga kuti upite nayo ku Kafue. Amene munayendako ndithandizeni, ndinyamule chani, ndinyamuke nthawi yanji.

Chova Chova:

Ba Katete zitheka, ine ndapitako kambirimbiri, koma mvetserani bwino chinthu chimodzi chimene aliyense amanamizika nacho ulendo woyamba. Lusaka ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,280, pomwe Kafue ili pansi pa mamita 1,000. Ndiye popita msewu umakuthandizani, makilomita 45 kapena kupitirira pang'ono kuchokera pa raundabauti ya Kafue mu tauni, mudzafika musanatope nkomwe, mudzayamba kudziona ngati katswiri, mwinanso kuimbira akazi anu foni kuti mwaona, mumati chani. Ulendo weniweni ndi wobwerera. Zonse munatsika m'mawa mukuseka mudzazikwera masana dzuwa lili pamutu mimba yodzaza nsima, kuyambira potuluka mu Kafue kukwera ku Shimabala mpaka Chilanga, chitunda chake sichoopsa kuchiona koma sichitha, ukati ndamaliza china chayamba.

Ine ulendo wanga woyamba ndinachita zauchitsiru zomwezo. Ndinafika ku Kafue cha m'ma 09, ndinadya nsima ziwiri ndi nsomba, ndinanyamuka 13 koloko ndi botolo limodzi la madzi. Ndisanafike pa tolo geti ya Shimabala ntchafu yakumanja inagwidwa, inauma gwa ngati chikuni, ndinatsika nkukhala pansi m'mbali mwa msewu njinga ili gone mu udzu. Anandipulumutsa ndi mudala wina wa kagalimoto ka kabichi, tinakweza njinga pamwamba pa kabichi ine nkukhala pambali pake ngati katundu, mpaka ku maketi ya Soweto mu Lusaka. Kunyumba ndinanama kuti cheni inaduka.

Ndiye malangizo anga, ulendo woyamba gonani komweko, maloji ang'onoang'ono alipo mu Kafue, mubwerere mawa lake m'mamawa mwendo uli watsopano. Mukalimbikira za tsiku limodzi, nyamukani kukangoyera, ndipo 11 koloko ikupezeni mwayamba kale kubwerera. July m'mawa kumazizira zoopsa, potsika mphepo imalowa m'zala mpaka buleki osaimva, valani magolovesi olo masokosi akale m'manja palibe adzakusekeni nthawi imeneyo.

Za mathiraki. Njira ya kuseri yoti ikufikitseni ku Kafue osakhudza tala ine sindingakulonjezeni, tinjira ta m'mafamu timathera pa geti kapena pa waya, ndipo ukafunsa wina akuloza uku wina uko. Ndimayenda mu Kafue Road momwemo koma Sande m'mawa, magalimoto amakhala ochepa. Ndipo kunena zoona amene amandiopsa ine si mathiraki koma maminibasi pakati pa Makeni ndi Chilanga, kondakitala akangomenya chitseko dalaivala amakhotera kumanzere pomwepo osayang'ana kuti kuli munthu. Thiraki imamveka ili kutali. Vuto lake ndi mphepo, ikamakudutsani imakukankhirani kunja kenako kumchira kwake imakukokerani mkati, ndiye gwirani handulo ndi manja onse, osachova mutaimirira nthawi imeneyo, ndipo mukamva ziwiri zikupitana kumbuyo kwanu tsikani pa tala mupite m'fumbi, palibe manyazi.

Onani anyamata a malasha mmene amachitira. Nthawi imene inu mukutuluka iwo amakhala akulowa mu tauni ndi matumba atatu anayi pa kaliyala, njinga ya giya imodzi, mabuleki ndi patapata. Pamene iwo atsika nkumakankha dziwani kuti pamenepo mawa mudzavutikapo, pamene apatuka pa tala nkulowa kanjira ka m'mbali pali chifukwa chake. Ndaphunzira zambiri kwa iwo kuposa mapu a pa foni.

Pa Chilanga mudzaona fakitale ya simenti, yakale kwambiri, ya 1949, ndi Munda Wanga pafupi pomwepo, gulani madzi ndi vitumbuwa pamenepo. Pa tolo geti njinga silipira, dutsani m'mbali mwaulemu. Zonyamula: machubu 2 a sipeya, pampu, mapachi ndi solushoni, sipanala yogwirizana ndi manati a njinga yanu. M'mbali mwa msewu umenewu mumakhala timawaya ting'onoting'ono tochokera ku matayala a mathiraki ophulika, kawaya kake kochepa ngati tsitsi, kamalowa mu tayala nkukhala momwemo. Mukaponcha musangosintha chubu, yendetsani chala mkati mwa tayala pang'onopang'ono mpaka kakubayeni, mukachotse, apo ayi chubu chatsopano chiphwa musanayende kilomita imodzi.

WaMatero:

Kkkkk ba Katete imwe, minibasi ya ku Kafue ilipo pa City Market daily, muikapo chabe pang'ono mwafika. Manje mufuna kuvutisa matako pa chani? Ine njinga ninasiya nili giredi 7 pamene ninagwa nayo na saka ya unga kumbuyo. Koma ngati mwapita nibweretsereniko nsomba, yaiwisi osati ija youma ya mu Soweto. Madam anu akamba zoona.

Mayi wa mu Estates:

Ine ndinakulira ku Kafue Estates, atate ankagwira ntchito ku Nitrogen, ku fakitale ya feteleza ija, ndiye za magiya sindidziwa koma za mtsinje ndikuuzeni. Choyamba musaganize kuti mukafika mu tauni ya Kafue ndiye mwafika pa madzi. Anthu ambiri amadabwa, amaima pa maketi nkumafunsa kuti mtsinje uli kuti. Muyenera kupitirirabe, kaya kulowera ku mbali ya njanji kumene kuli buliji ya sitima ija ya 1906, yaitali ya zitsulo, kaya kutsata tala kumwera mpaka pa buliji ya magalimoto. Pa buliji ya magalimoto ndi pamene pali moyo, azimayi a nsomba, mabwato, ndi tinkhanu tija ta crayfish timene masiku ano tadzaza mu Kafue, ife tili ana kunalibe zimenezo, asodzi amadandaula kuti timadya nsomba zili mu ukonde. Musanajambule buliji funsani kaye kwa apolisi kapena alonda amene mwawapeza, musangotulutsa foni.

Chachiwiri, ndipo apa ndikunena ngati mlongo wanu, musalowe m'madzi. Ndikudziwa mudzafika thukuta lili thobvu m'khosi, madzi ali phee akuoneka ozizira bwino, mtima udzati ndingosambako kumaso. Mu Kafue muli ng'ona ndipo sizionekera, pamene pali bata ndi udzu woyandama uja pamenepo ndiye poipa. Mvuu nazo zilimo, madzulo zimatuluka kukadya kumtunda, mukaona kanjira kotakasuka kochokera m'madzi kopondedwapondedwa musaimikepo njinga. Olo ng'ona ikusiyeni pali likodzo, ife theka la kalasi tinamwapo mankhwala ake. Khalani kumtunda pamene pakhala eni ake, muone mmene iwo akuchitira.

Ba Chova akuti tala yokhayokha, ine pamenepo ndikutsutsako pang'ono. Kupita ku Kafue inde, koma mukafika nkugona, tsiku lachiwiri musathamangire kubwerera, muli ndi masiku 4. Funsani njira ya ku Chanyanya, kumadzulo, kumene kuli asodzi, mbali ya ku Kafue Flats. Ndi msewu wa fumbi, kulibe mathiraki, dziko lake lathyathyathya mpaka maso kutopa, ng'ombe, mbalame za m'madzi zoyera zija zambirimbiri, ana akukuthamangirani kumbuyo. Kumeneko ndiye mudzaona chimene mtsinje umachita kwa anthu, pa buliji mumangoona madzi akudutsa. July ndi nthawi yake chifukwa kwauma. Nthawi ya mvula musayerekeze, dothi lakumeneko ndi lakuda lomata, limadzaza pakati pa tayala ndi foloko mpaka wilo kuleka kuzungulira, mchimwene wanga anabwerapo atanyamula njinga pa phewa nsapato imodzi itatsala m'matope. Komanso kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February boma limatseka usodzi, ndiye nsomba yaiwisi simungaipeze mwachilungamo. Pano ndi bwino, mudzadya yochokera m'madzi tsiku lomwelo, muwauze akukazingireni pomwepo.

Mukaoloka buliji mwalowa ku Southern, kwa Atonga. Chinyanja amamva koma mukayamba ndi mwabuka buti nkhope zimasintha, madzi akumwa ndi meenda, ndipo mukapeza chibwantu gulani, chimakhala m'mimba kuposa zakumwa za m'mabotolo. Udzudzu wa ku Kafue ndi wodziwika, olo nthawi yozizira funsani ngati chipinda chili ndi neti musanalipire.

Mwana wa ku Katete:

Zikomo kwambiri ba Chova ndi amayi a mu Estates, za ng'onazo ndamva, ndinali nditaika kale kabudula wosambira mu chikwama, ndachotsa. Ba Matero nsomba mudzaipeza pa buliji, minibasi ilipo daily mwanena nokha. Manje popeza masiku alipo, ndinayang'ana pa mapu ndaona kuti pa Turnpike msewu umagawikana, wina ku Mazabuka wina ku Chirundu. Nanga nditati ndipitirire mpaka ku Chirundu ndikaone Zambezi kamodzinkamodzi? Akuti nkotsika kokhakokha eti.

Mudala wa ku Chipata:

Mwana wanga, wa ku Katete ndiwe wa kwathu ndiye ndikulankhula mosabisa. Chirundu usiye kaye. Ine ndachova njinga kuyambira usanabadwe, Eagle ya ku fakitale ya Luangwa ku Chipata kuja, giya imodzi, ndinkachoka nayo ku Chipata kupita kwanu ku Katete makilomita opitirira 80 amayi ako aang'ono ali pa kaliyala ndi nkhuku m'manja, ndiye sindikuopseza chifukwa choopa njinga ayi. Nkotsika inde, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Kuchoka mu Lusaka kufika ku Chirundu ndi makilomita cha m'ma 135, ndipo Chirundu ili pansi kwenikweni m'chigwa, mamita ngati 400 basi. Pakati pake pali mapiri, pali pamalo potchedwa Kapiringozi, dzinalo silinabwere mwamasewera. Mathiraki opita ku boda amatsika pamenepo atalemedwa mabuleki akununkha, msewu wokhotakhota, iwe ndi njinga ya salaula imene sunaione nkomwe kuti mabuleki ake amatani akatentha. Ndipo ukafika pansi kubwerera kwake ndi kukwera pafupifupi mamita 900, olo mu July kumusi kuja masana kumatentha, mu October osanena.

Malowo ndi abwino sindikana. Kuli buliji yakale yolendewera ya Otto Beit ya 1939 pambali pa yatsopano, pafupi ndi pokhotera ku Siavonga kuli mitengo imene inasanduka miyala, ungaigwire ndi dzanja nkuona makungwa ake koma ndi mwala, ndipo nyengo ino masau ali mbwee m'mbali mwa msewu. Kumusi kwa Chirundu ndi kumene Kafue yemweyo amathira mu Zambezi, dera la Chiawa. Udzapite chaka chamawa ndi anzako awiri atatu ndi galimoto yokutsatirani, osati wekha pa ulendo woyamba.

Ngati pa Turnpike mwendo ukuyabwabe, khotera ku Mazabuka ukwere Munali pang'ono. Mapiri amenewo dzina lake ndi la David Livingstone, Munali ndi mmene anthu ankamutchulira, anadutsa pamenepo mu 1855 nkuona Kafue ali pamwamba. Ukwere mpaka pamene mtima wakwana, utembenuke uone chigwa chonse, nkubwerera kukagona ku Kafue. Koma nawonso msewu umenewo ndi wa mabasi akuluakulu a ku Livingstone, khutu likhale kumbuyo, zomvera nyimbo zija uchotse.

Ndipo ngati chimene ukufuna ndi Zambezi, njira yanzeru ndi kuchotsa wilo yakutsogolo, kukweza njinga pansi pa basi ku Intercity nkukatsikira ku Livingstone. Mwana wanga wamkazi amakhala kumeneko ndiye ndimachovako ndikapita. Kuchoka mu tauni kufika ku mathithi a Victoria Falls ndi makilomita 10 chabe, msewu wabwino, utsi wa madzi ukuuona kutsogolo, ukafika pa buliji ya 1905 upeza anzako a njinga ambirimbiri atasenza katundu wa malonda kuolokera ku Zimbabwe, katundu wake woti iwe sungamukankhe nkomwe. Kuli njira ya ku mudzi wa Mukuni ngati ukufuna fumbi. Chokhacho msewu wa ku mathithi umadutsa mu paki ya Mosi-oa-Tunya, ndipo njovu zimaoloka, makamaka nthawi youma cha ku mtsinje wa Maramba, m'mamawa ndi madzulo. Ine tsiku lina ndinapeza anthu a njinga asanu ndi mmodzi ataima chete pakati pa msewu, ndinati kaya ndi apolisi, ndikuti ndidutse mnyamata wina anandigwira kaliyala osalankhula, nkuloza ndi mlomo. Inali pambali pa mtengo mamita ochepa chabe, yotuwa ngati chulu, khutu lokha ndi limene linkagwedezeka. Tinaima mphindi zambiri ndithu mpaka inaoloka ndi kamwana kumbuyo kwake. Njovu siopa belu, ndipo wa njinga alibe chitseko chotseka. Ukaona eni dera aima, ima.

Chova Chova:

Amdala anena zoona za Chirundu, ine ndinatsikako kamodzi ndi gulu ndipo pobwera tonse tinakwera galimoto, palibe anatsutsa. Za Chanyanya amayi mwandiphunzitsa, ndimangothera pa buliji nthawi zonse, ulendo uno ndikayesa.

Ba Katete chinthu china, musadikire holide kuti muyese mwendo. Muli ku Chilenje, Leopards Hill Road ili pakhomo panu, Loweruka lino tulukani muchove makilomita 20 kupita 20 kubwera. Kumeneko ndi kumene ambiri a njinga mu Lusaka amaphunzirira, mukadutsa ku Bauleni ndi ku State Lodge magalimoto amachepa, pali timapiri tokwanira kukuuzani zoona za magiya anu. Nyengo ino mphepo imachokera kum'mawa, ndiye popita izikumenyani kumaso pobwera izikukankhani, zosiyana ndi ulendo wa ku Kafue pamene zowawa zili kumapeto. Mukabwera pa 40 imeneyo mukutha kukwera masitepe osagwira khoma ndiye Kafue mufika. Mukabwera matako akuyaka vuto ndi sadulo, ikwezeni mpaka mwendo uzitsala pang'ono kuongoka pedulo ikakhala pansi, ambiri amachova atakhala pansi ngati ali pa mpando wa kukhitchini ndiye mawondo amapweteka. Ndipo pitani nayo kwa okonza njinga akaone masipoko ndi mabuleki, za salaula zimabwera ndi marabha ouma, amaoneka abwino koma sagwira. August musachedwere, mphepo ndi fumbi lake mudzadana nayo njinga.

Mwana wa ku Katete:

Chabwino amdala ndamva, Chirundu ndasiya, Livingstone ndiika pa Independence ngati ndalama ya basi ipezeka. Pulani ndi iyi: Loweruka lino Leopards Hill, holide ikafika ndinyamuka Sande m'mamawa, kugona ku Kafue masiku awiri, Lolemba Chanyanya, Lachiwiri kubwerera kusanatenthe. Ndapita kwa wokonza njinga pa maketi ya Chilenje madzulo ano wapeza masipoko 3 omasuka kumbuyo ndi rabha imodzi ya buleki yatha mpaka chitsulo, ndinkayenda nayo choncho mu tauni osadziwa. Ba Chova ngati mukupitadi ku Chanyanya tiyendere limodzi, ine ndidzakhala pa Makeni 06 koloko, jekete yofiira. Pampu yanga ndi ija yaikulu yopondera pansi, siikwana mu chikwama, yaing'ono ndingaipeze kuti, ku Kamwala kapena mu Soweto?

WaMatero:

Kamwala, koma muyese pamene apo musanalipire, zina zimapopa mphepo kubwerera kumbuyo. Na nsomba yanga musaiwale, ngati yavuta kunyamula pa njinga muipase mudala wa kabichi.